Sakhwi Wosesa Njira ndi Mlamu Wake Nyenga

Padangokhalatu, ndipo amene muli nane vomerani ngakhale chamumtima, panali chulu chimodzi chimene chinkatulutsa ngumbi mpaka madengu kuchepa. Chinali cha mbumba ya Sakhwi, kanyama kaja ka mphuno yaitali ndi miyendo yowonda. Mvula yoyamba ikagwa, alongo ake ankatchera ngumbizo, kuziyanika ndi kuzisunga, ndipo ana awo khumi ndi awiri ankadya zimenezo mpaka chaka kutembenuka. Popanda chulucho, pamudzipo panalibe chokhalira.

Sakhwi ndiye anali mwini mbumba. Mlongo wake wamkulu, Nasakhwi, anakwatiwa ndi Nyenga, kanyama kaja ka mchira wautali, mkamwini wa pakamwa posatseka, wodziwa za m'nyumba za eni kuposa za m'nyumba mwake.

Chilimwe china kunabwera nkhanga ndi nduna yawo, a Chisoti, kudzanena kuti agogo awo ndiwo anayamba kupalasa pa chulupo. Mlandu unapita kwa a Njiri, woweruza za malire. Iwo anamvetsera mbali zonse atagwada monga amachitira, koma mboni zonse zimene zinkatchulidwa zinali kumanda.

"Mlandu wopanda mboni timauweruza ndi miyendo," anatero a Njiri. "Mbali iliyonse itulutse wothamanga mmodzi. Anyamuke pa chulu dzuwa likutuluka, akakhudze mtengo wa kumalire, abwerere. Ndi mtunda woti wamphamvu amafika mthunzi utabisala pansi pa mapazi. Inu a nkhanga, popeza ndinu ofuna kulanda, mupambane katatu kotsatizana. Mwini chulu akangopambana kamodzi, mlandu watha."

"Nanga mapiko?" anafunsa Nyenga, ngakhale panalibe amene anamupatsa mpata.

"Amangidwa ndi luzi. Ndipo iwe mkamwini, pabwalo pano uzipempha kaye."

Nkhanga zinatulutsa Mawanga, wa chifuwa chachikulu, amene sankadziwa kutopa. Mbumba inatulutsa Sakhwi mwini wake, ndipo palibe amene anada nkhawa, chifukwa pa liwiro Sakhwi analibe mnzake.

Koma tonsefe tili nako kathu kamene timabadwa nako. Ka Sakhwi kanali aka: sankathamanga pa njira yosasesa. Mtundu wake wonse ndi wotero. Amalambula kanjira kawo, kuchotsa kamtengo kalikonse, kuloweza pokhota paliponse, kuti tsiku la zoopsa miyendo izidziwa yokha kopita. Choncho masabata atatu amene a Njiri anapereka okonzekera, Sakhwi anathera pa kusesa. Anasesa kuchokera pa chulu mpaka kumalire, njira n'kuyera ngati pabwalo la chinkhoswe.

Tsiku loyamba a Njiri anaomba lipenga, awiriwo n'kuliyatsa liwiro. Alongo a Sakhwi anaima motalikirana m'mbali mwa njira ndi zikho za madzi, akupatsirana nyimbo. Inali nyimbo ya pamtondo imene mayi awo ankaimba. Wotsogolera amatchula dzina la mwana mmodzi wa pa mbumba, ovomereza n'kuyankha kuti mwanayo wayang'ana kumitambo ndipo malume ake asachedwe. Akatero amatchula mwana wina, mpaka onse khumi ndi awiri. Sakhwi ankayeza mtunda ndi mayinawo. Ankadziwa kuti mayina onse akatha kasanu ndiye kuti wafika kumalire.

Anakhudza mtengo Mawanga asakuoneka n'komwe. Koma pobwerera, kamphepo kanaomba, tsamba limodzi la msuku n'kutera patsogolo pake.

Sakhwi anaima.

Analikankhira kumbali. Anaona kuti lasiya kafumbi, anasalaza. Akuti anyamuke, lina linagwa chapambuyo, anabwerera. Lachitatu linagwa akuliona. Alongo ake anaimba mpaka mawu kusasa, koma iye anali kalikiliki ndi masamba. Mawanga anamudutsa osamuyang'ana, ndipo ngakhale Sakhwi anadzidzimuka n'kuthamanga ngati wapsa, anafika nkhanga zitayamba kale kuvina.

Madzulo ake Nyenga anamupeza atakhala pakhonde.

"Alamu, ndimve bwino. Yakupambanani ndi nkhanga kapena tsamba?"

"Njira inali yakuda."

"Tsamba limaluma?"

"Simungamvetse, alamu. Ndikaliona pa njira yanga, m'mimba mumatentha."

"Vuto lanu ndi limeneli. Mwakonza njira, mtima simunaukonze. M'mutu mwanu mumathamanga ulendo umodzi wokha, uja wopanda cholakwika. Chonsecho chakudza sichiimba ng'oma. Muziyamba mwagwa kale m'maganizo, mwadzuka kale, mwaphonya kale madzi. Zikadzachitika mudzati, ndakudziwa iwe, n'kupitirira."

Sabata yonse Nyenga anamuphunzitsa kudumpha. Ankabisala m'mbali mwa njira n'kumaponya timitengo patsogolo pake. Sakhwi akaima, Nyenga ankakuwa kuti ana afa ndi njala chifukwa cha kamtengo. Akadumpha, ankamuombera m'manja. Pofika tsiku lachisanu Sakhwi ankadumpha mosaphonya. Koma Nyenga akangotembenuka, iye ankatuma alongo ake kukagwedeza mitengo yonse ya m'mbali mwa njira kuti masamba agweretu, n'kusesanso kuyambira pa chulu mpaka kumalire.

Tsiku la mpikisano wachiwiri linafika. Lipenga linalira, nyimbo ya ana ija inayamba, Sakhwi n'kutsogola. Masamba analibe pochokera. Koma nkhanga zinali zitaona zonse ulendo woyamba uja. Imodzi mwa zoonerera inangodzikung'untha, nthenga imodzi n'kutera pakatikati pa njira.

Sakhwi anaidumpha.

"Ameneyo ndiye mlamu wanga!" anakuwa Nyenga.

Anafulumira kukondwa. Thupi la Sakhwi linadumphadi, koma mtima unatsala pa nthenga paja. Sakhwi ankathamanga akuiona m'maso: yagona chopingasa, ya mawanga, pa njira yake yoyera. Anasokoneza mayina a ana, osadziwanso kuti ali pati. Anadutsa mlongo wake wa madzi osamwa. Anakhudza mtengo wa kumalire ali patsogolobe, koma kukhosi kutauma ndiponso mutu utazungulira. Atafika pa nthenga paja pobwerera, anaima n'kuitola. Anapita nayo kutali kuti mphepo isaibweze. Pobwerako miyendo inakana, inachita kuuma ngati nkhuni, ndipo anamaliza ulendowo akuyenda.

Nkhanga zinaseka mpaka kugubuduka. Zinayamba kuyerekeza kusesa kwake, kupolama ndi kukankha fumbi, osakumbuka kuti anyani sasekana zikundu.

Pamudzi panagwa mantha enieni. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ngumbi zili pafupi kutuluka, ndipo kunatsala kuthamanga kumodzi kokha. Nasakhwi anayamba kumanga timitolo, osauza ana chifukwa chake. Sakhwi anasiya kudya. Ankangoti wapha mbumba ya mayi ake ndi nthenga.

Nyenga anakhala naye pansi n'kumufunsa ngati zocheza.

"Alamu, mukapita kutchire kukafuna chakudya, kuja kulibe njira, mumasesanso?"

"Ndisese tchire? Ndapenga? Tchire si langa."

"Ndiye mumayenda bwanji?"

"Ndimangothamanga. Pali chosesa pamenepo?"

Nyenga anasunga mawuwo mumtima, nzeru ina itamubwerera.

Mwambo unali wakuti tsiku loti mawa lake ndi kuthamanga komaliza, othamanga awiriwo azibindikira m'nyumba ya a Njiri, osaona njira, osadya kanthu kupatula kaphala ka madzimadzi kuti thupi lipepuke. Chitseko chitangotsekedwa, dzuwa lili pamutu, Nyenga analunjika kwa a Chisoti.

"Zikomo kuno, a nduna."

"Mkamwini wa adani athu afuna chiyani kuno?"

"Ndabwera kudzakuchenjezani. Mawa mugonja."

"Ndi uja wosesa?"

"Yemweyo. Nthenga imodzi waizolowera tsopano. Ndamuphunzitsa ndine, ndipo malipiro anga ndi kutukwanidwa. Mawa adumpha nthenga khumi osacheuka."

A Chisoti anapendeketsa mutu. "Ndiye ukuti titani?"

"Ngati nthenga imodzi inamuimitsa, nanga njira yonse itakwiririka? Adzasesa mpaka mvula ya chaka chamawa. Tengani madengu. Kudzala kuja amataya mankhusu a mapira kuli zinyalala zokwanira, n'zopepuka kunyamula. Pokhota paliponse ndikupadziwa, ndikutsogolerani."

"Ukupindulapo chiyani?"

"Chulu chikakhala chanu mudzandikumbuka."

Nkhanga zinapangana pomwepo, osadikira kuti kuche. Zinatuta masamba ouma, mapesi, makoko ndi mankhusu, Nyenga ali patsogolo kuloza pothira. Zina zinkaima kujompha tinjere totsalira m'mankhusumo, zinzake n'kumaseka, koma palibe imene inaganiza kawiri. Dzuwa lisanapendeke kwambiri, njira ya Sakhwi inali itafafanizika yonse.

Nasakhwi anaona ndi maso ake mwamuna wake atasenza dengu pakati pa nkhanga. Nyenga pofika kunyumba anapeza mphasa yake ndi nkhwangwa zili panja.

"Mayi a ana, tamverani."

"Ndimve chiyani? Achimwene ali m'nyumba ya eni osadya chifukwa cha ana anu omwe, inu muli kokwirira njira yawo!"

"Dikirani mawa."

"Mawa tidzakhala tili pa msewu. Musandiyandikire."

Nyenga ananyamula mphasa yake. Akanatha kufotokoza, koma ankamudziwa mkazi wake kuti chimwemwe sabisa, ndipo nkhanga zili ndi maso.

Kutacha, a Njiri anatsegula chitseko. Sakhwi anatuluka, anayang'ana kumene kunali njira yake, n'kuuma pomwepo. A Njiri anafunsa kuti wachita zimenezi ndani, koma onse anayang'ana pansi.

"Tidzafunsana pambuyo," anatero. "Njira ndi imodzi kwa onse awiri." Ndipo anaomba lipenga.

Mawanga ananyamuka. Sakhwi sanasunthe. Kenaka anapolama n'kuyamba kukankha zinyalala, kamodzi, kawiri, katatu. Pamene wayeretsa panali pongokwana kuikapo phazi, ndipo mphepo inakwiriranso pomwepo. Anakweza maso. Zinyalala zinali mpaka kumene maso amalekeza. Alongo ake anaima ndi zikho zawo osaimba, ena akulira. Mawanga anali atasanduka kadontho.

"Achimwene, ingobwerani," anatero Nasakhwi. "Tapakira kale."

Sakhwi anakhala pansi. Anadikira kuti m'mimba mutenthe monga mwa masiku onse, koma simunatenthe. Tsamba limodzi pa njira yoyera linali chipongwe. Izi sizinali chipongwe, chifukwa njira yake panalibenso. Linali tchire basi.

Anaimirira. Maso sakanamuuza kopita, koma miyendo imene inasesa njirayo masabata onsewa inkadziwa pokhota paliponse. Anatchula yekha dzina la mwana woyamba, chapansipansi, n'kudziyankha yekha kuti malume asachedwe. Anayamba kuthamanga. Pofika pa mwana wachitatu, mlongo wake wina anamva n'kuvomereza, wina n'kulandira, nyimbo n'kuyenda patsogolo pake.

Mtima unkamuuza kuti athamange ndi mphamvu zonse kuti apeze Mawanga msanga. Anaukaniza. Anagwira liwiro la nyimbo, mwana mmodzi, kenaka wina. Pa chikho chilichonse anamwa. Muzu wobisika m'masamba unamukola n'kugwa chafufumimba, bondo n'kusupuka.

"Ndakudziwa iwe," anatero, n'kudzuka.

Ali m'kati mothamanga anayamba kuona zachilendo. M'zinyalala zonsezo munalibe munga ndi umodzi womwe, chonsecho mdani wofuna kukulemaza amayamba ndi minga. Ndipo pa mphambano iliyonse, pamene akanatha kusochera, panali kamalo kosathira kanthu mbali yoyenera kulowera, kakang'ono, koti amene akuidziwa njira yekha ndiye angakaone. Nkhanga sizikanadziwa zimenezo. Amene ankadziwa mphambanozo anali iye ndi uja ankabisala m'mbali kumuponyera timitengo.

Nanga Mawanga? Iye anali ndi njala ya dzulo lonse, ndipo phazi lililonse limene ankaponda linkavundukula tinjere ta mapira. Anapirira mpaka kumalire. Atakhudza mtengo anacheuka, osaona munthu. Anati kupalasa kamodzi sikulakwa. Inu munaionapo nkhanga ikupalasa kamodzi? Anapalasa uku, anajompha uko, a Chisoti akukuwa kuti mwana iwe thamanga, iye n'kumayankha kuti ndikubwera, kukamwa kuli kodzaza. Ena mwa okuwawo nawonso anali atapolama.

Sakhwi anamudutsa popita, anakhudza mtengo, n'kumudutsanso pobwerera. Apo m'pamene Mawanga anadzidzimuka.

Ndiye kunali kuthamanga! Mawanga anali wokhuta ndi wopuma, Sakhwi anali atatha. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi wa mayina a ana, miyendo inayamba kuuma ngati tsiku lija. M'nthiti munkabaya. Kumbuyo ankamva mapazi a nkhanga akuphwanya masamba, pafupi, pafupi ndithu. Maganizo anamuuza kuti wayesetsa, palibe amene angamunene akaima. Iye anawayankha kuti aima akatchula mwana mmodzi yekha. Atamutchula anati winanso mmodzi. Mpweya wa Mawanga unali ukumutentha kumchira pamene anatchula mwana wotsiriza, wa Nasakhwi, amene anali asanayambe kuyenda. Anadziponya n'kugunda chulu ndi chifuwa, Mawanga n'kugwera pamsana pake.

"Mwini chulu!" anakuwa a Njiri.

Nthungululu zisanathe, a Chisoti analowa pakati mwaukali.

"Sitivomera! Atipusitsa! Zinyalala tinathira ndife, inde, koma anatituma ndi mkamwini wawo. Ndiye anasankha mankhusu, akudziwa kuti mwana wathu ali ndi njala!"

A Njiri anagwada, anaganiza, kenaka analankhula pang'onopang'ono.

"Dzanja la mkamwini ndi dzanja la mudzi umene akudyapo. Ngati anachita zimenezi pothandiza alamu ake, ndiye kuti mbumba yaba mpikisano, ndipo chulu chipita kwa nkhanga lero lomwe. Koma ngati anagulitsa alamu ake, inu a nkhanga mwadzikumbira nokha dzenje, musalire. Iwe Nyenga, bwera apa. Lero ndikukupatsa mpata. Unkafuna apambane ndani?"

Nyenga anaima pakati, mphasa ili kukhwapa. Anayang'ana mkazi wake. Nasakhwi anali atayamba kumvetsa, ndipo nkhope yake inkawala, akudikira kuti mwamuna wake adziyeretse pamaso pa onse. Anayang'ana ana, anayang'ana mitambo imene inali itada kale.

"Ndinkafuna nkhanga," anatero.

"Bwereza, onse amve."

"Ndinkafuna nkhanga zipambane, wawa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndalima pamudzi pano, ndafolera nyumba zawo zonse, koma ngumbi zikatuluka ine amandipatsa mapiko okhaokha. Ndinatopa. Za mankhusu sindinaganize, ndine wopusa ngati iwowa."

Ananena mokoma, monga ankanenera mabodza ake onse, moti ngakhale a Njiri anamukhulupirira. Nkhope ya Nasakhwi inazima.

"Chulu ndi cha mbumba," anagamula a Njiri. "Nkhanga zisadzapondenso pano. Koma mkamwini wogulitsa mudzi sagona pamudzi, ndipo womuuza si ine. Mwini mbumba, lankhulani."

Sakhwi anadzuka movutika, magazi akuyenderera pa bondo. Ankadziwa za minga imene panalibe. Ankadziwa za timalo ta pa mphambano. Liwu limodzi lokha loyamika likanatuluka, ana khumi ndi awiri akanagona panja mvula ikugwa. Anayang'ana mlamu wake, mlamu wake n'kumugwedezera mutu pang'ono, ngati muja ankachitira pomuuza kuti adumphe.

"Alamu," anatero Sakhwi, "nyamulani zanu. Muzipita."

"Zikomo, alamu," anayankha Nyenga. "Mwathamanga bwino."

Anatembenuka n'kulowa m'tchire osacheuka. Asanapite patali mvula yoyamba inayamba kugwa, ndipo ngumbi zinatuluka zochuluka kuposa chaka china chilichonse. Ana anadya mpaka kukhuta, akufunsa kuti bambo abwera liti. Sakhwi sanalawe ndi imodzi yomwe.

N'chifukwa chake nyenga mpaka lero satsata njira ya mwini. Amangoidutsa chopingasa, mofulumira, kusuzumira kamodzi ngati onse ali bwino, n'kulowanso m'tchire. Ndipo mukadzamuona sakhwi ataima pa kanjira kake, muyang'ane mphuno yake. Imangonjenjemera osaleka. Ndi zikomo uja anamumeza pabwalo, mpaka lero akufuna potulukira.

Yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa, kaoneni ngati yatsalako.